Bisiketi ikagwera mu ayisikilimu: olawa amaweruza chiyani kwenikweni?

Nyengo yotentha ikafika ku America, cha mu June mpaka August, nyuzipepala ndi magazini a zakudya amakhala ndi mwambo wawo. Amatuma munthu kusitolo kuti akagule makontena a ayisikilimu a makampani khumi kapena kuposerapo, onse a mtundu umodzi, n'kusonkhanitsa anzawo a muofesi kuti alawe. Akamaliza amalemba mndandanda: uyu ndiye katswiri, uyu wachiwiri, uyu musatayirepo ndalama. Mtundu womwe susowa pa mipikisano yotereyi ndi cookies and cream, ayisikilimu woyera wa vanila wothiramo zibenthu za mabisiketi akuda. Koma mukawerenga mindandanda itatu kapena inayi mudzapeza kuti dzina lomwe lili pamwamba apa lili kumchira uko. Sikuti olawawo amanama ayi. Chinthu chomwe akuweruzacho n'choterera ngati mlamba, ndipo ambiri a iwo sadziwa kuti achigwira pati.

Tiyambe ndi bisiketiyo poti ndiyo mwini nkhani. Ambiri akamva cookies and cream amaganiza za Oreo, bisiketi yakuda ya magawo awiri yokhala ndi zoyera pakati, yomwe kampani ya Nabisco inayamba kugulitsa mu 1912. Oreo sinali yoyamba. Mu 1908 kunali kale Hydrox ya maonekedwe omwewo, koma wotsanzira anatchuka kuposa mwini wake, mpaka anthu anayamba kuyesa kuti Hydrox ndiyo yokopera. Za munthu amene anayamba kuphwanyira mabisiketiwa mu ayisikilimu, mkangano wake sunathe mpaka lero. Steve Herrell, yemwe anatsegula sitolo yake ku Somerville pafupi ndi Boston mu 1973, ankakanyira maswiti ndi mabisiketi mu ayisikilimu wogula akuonerera. South Dakota State University ya ku Brookings imati ulemuwo ndi wake: mu 1979 Shirley Seas, mkulu wa fakitale ya mkaka ya pasukulupo, anapanga mtunduwu pamodzi ndi ophunzira awiri. Kampani ya Blue Bell ya ku Brenham m'chigawo cha Texas imati ndiyo inayamba kuupanga wochuluka wogulitsa m'masitolo. Naye John Harrison wa kampani ya Dreyer's amati ndi iye, mu 1982. Ine ndimaona kuti onsewa akhoza kukhala akunena zoona. Mwana aliyense amene ananyikapo bisiketi mu tiyi wamkaka anali atafika kale pakhomo pa nzeru imeneyi.

Kuda kwa bisiketiyo sikutanthauza kuti muli chokoleti wambiri. Kumachokera ku koko yemwe amamutsuka ndi mchere wa alkali, njira yomwe inayambira ku Holland m'zaka za m'ma 1800. Koko wotere sawawasa, amada bii, koma fungo lenileni la chokoleti limachepa ndipo m'malo mwake mumamveka kakuwawa konga ka chinthu chopserera pang'ono. Kakuwawa kameneka ndiko kamathandiza kuti shuga wa mu ayisikilimu asakole msanga. Zoyera za pakati zija nazo si kirimu wamkaka: ndi shuga ndi mafuta a zomera, ndipo mpaka m'zaka za m'ma 1990 Oreo inkagwiritsa ntchito mafuta a nkhumba. Komanso si kontena iliyonse yomwe muli Oreo yeniyeni. Dzinalo lili ndi mwini wake, kampani ya Mondelez, ndipo wofuna kulilemba pa katundu wake ayenera kuchita nawo mgwirizano. Ena amaphika mabisiketi awoawo kapena kugula kwa ena.

Udani wa bisiketi ndi madzi

Apa ndiye pagona nkhani. Bisiketi imakukutika chifukwa anaiphika mpaka madzi pafupifupi onse atathawamo. Ayisikilimu, mukachotsa mpweya, gawo lake loposa theka ndi madzi. Mwina wina anena kuti madziwo ndi oundana, ndiye sanganyowetse kanthu. Ayi ndithu. Shuga amalepheretsa madzi ena kuundana, moti ngakhale pa madigiri 18 pansi pa ziro, kuzizira kwa filiji yabwino, m'kati mwa ayisikilimu mumatsalabe timadzi tashuga tolemerera ngati uchi. N'chifukwa chake supuni imalowa, pomwe pa chimwala cha madzi oundana singalowe. Tsono bisiketi youma ija ikakhala pakati pa timadzi timeneti imayamba kumwa, pang'onopang'ono, usana ndi usiku. Kontena ikachoka kufakitale imagona m'nyumba zosungiramo katundu, kenako m'sitolo, kenako kunyumba kwa wogula, ndipo masabata onsewo bisiketi ikungomwabe. Yomwe inalowa ikulira kukutu pa mano imadzatuluka yofewa ngati keke.

Opanga amalimbana nazo m'njira zosiyanasiyana. Ena amakuta zibenthuzo ndi mafuta kuti madzi asalowe msanga, koma mafutawo akazizira amalimba, ndipo akachuluka amasiya utoto m'kamwa ngati watafuna kandulo. Ena amathira zibenthu zikuluzikulu kuti m'kati mwake mutsale pouma. Enanso anangovomereza kuti bisiketi idzafewa basi, n'kuiphika mwanjira yoti ikafewa izikomabe. Ndiye taonani vuto la oweruza aja: pagulu la anthu asanu ndi mmodzi, atatu akufuna bisiketi yolira pa mano, atatu akufuna yosungunuka limodzi ndi ayisikilimu. Onse alawa kontena imodzi, onse amva chimodzimodzi, koma malikisi awo ayenda njira ziwiri. Kontena yomweyo ikanalawidwa mwezi umodzi m'mbuyomo, magulu awiriwa akanasinthana maganizo.

Palinso nkhani ya fumbi. Kufakitale ayisikilimu amatuluka m'makina oziziritsa ali pa madigiri 5 kapena 6 pansi pa ziro, akadali wofewa ngati phala lolimba. Pamenepo makina ena amagwetseramo zibenthu za bisiketi n'kuzisakaniza asanamuthire m'makontena. Bisiketi ikakhala yosalimba, kapena makinawo akaitakasa kwambiri, imanyenyeka, ndipo ayisikilimu yense amatuwa ngati phulusa. Akatswiri ambiri amafuna kuona poyera payera, pakuda pada. Koma anthu wamba ochuluka amakonda wotuwayo, poti supuni iliyonse imamveka bisiketi, osati kuchita kusakasaka ngati nyama mu ndiwo za pamaliro.

Mbale wake wa cookies and cream, ayisikilimu wokhala ndi timibulu ta ufa wokanya wa mabisiketi osaphika, ali ndi vuto lina. Kampani ya Ben & Jerry's inayamba kumugulitsa m'sitolo yake ya ku Burlington, Vermont, mu 1984, koma zinatenga mpaka 1991 kuti afike m'makontena a m'masitolo, chifukwa ufa wokanya unkamata m'makina. Timibuluto timapangidwa ndi ufa wotenthetsa kaye ndipo mazira ake, ngati alimo, amakhala ophedwa tizilombo, popeza ufa ndi mazira osaphika zimatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda monga E. coli ndi Salmonella. Pamenepa woweruza amayang'ana ngati timibuluto tili tofewa potafuna kapena taundana ngati timiyala.

Mpweya umagulitsidwanso

Ayisikilimu wopanda mpweya sangadyeke, angalimbe ngati njerwa. Choncho pomuziziritsa amamupuntha kuti mulowe timathovu ting'onoting'ono. Akatswiri amatchula mpweya wowonjezerawu kuti overrun. Lita imodzi ya zosakaniza imalemera pafupifupi magalamu 1,100. Mukathiramo mpweya wofanana nazo, lita imodzi ija imasanduka malita awiri, ndipo lita iliyonse imalemera magalamu 550 okha. Mukathiramo mpweya wokwana gawo limodzi chabe mwa magawo anayi a zosakanizazo, lita imalemera pafupifupi magalamu 880. Popeza ku America ayisikilimu amagulitsidwa poyeza kukula kwa kontena osati kulemera kwake, mpweya ndi katundu wotsika mtengo kuposa wina aliyense m'fakitale.

Boma la kumeneko linaika malire. Kuti chinthu chitchedwe ice cream, galoni imodzi isalemere pansi pa mapaundi 4.5, omwe ndi pafupifupi magalamu 540 pa lita, ndipo mafuta a mkaka asachepere 10 peresenti. Lamulolo limalola kuti mafutawo atsike mpaka 8 peresenti ngati mwathiridwa zinthu zotenga malo monga zipatso, mtedza kapena mabisiketi. Chosakwanitsa zimenezi chimalembedwa kuti frozen dairy dessert, ndipo mawuwa amakhala ang'onoang'ono m'munsi mwa chithunzi chodololetsa dovu. Breyers, dzina lakale lomwe linatchuka ndi ayisikilimu wa zosakaniza zochepa, inasamutsira mitundu yake yambiri ku gulu limeneli. Chikomekome cha mkuyu chija. Nawo makontena akhala akufota: omwe kale anali a theka la galoni, malita 1.89, ambiri anatsika mpaka malita 1.42, ndipo mu 2009 kampani ya Häagen-Dazs inachepetsa kontena yake yaing'ono kuchoka pa maaunsi 16 kufika pa 14.

Mayiko ena malamulo ake ndi osiyana. Ku Britain mawu akuti ice cream okha satsimikizira kuti muli mafuta a mkaka. Otsimikizira ndi akuti dairy ice cream. M'malo ambiri opanga amagwiritsa ntchito mafuta a kanjedza kapena a kokonati. Lilime limazindikira kusiyanako. Mafuta a mkaka amasungunuka pang'onopang'ono m'kamwa ndipo ali ndi fungo lawolawo, pomwe a zomera alibe fungo, amangopereka kusalala.

Komatu musafulumire kunena kuti wolemera ndiye wabwino nthawi zonse. Pa cookies and cream pokha, ayisikilimu wa mafuta ambiri ndi mpweya wochepa nthawi zina amaphimba bisiketi, n'kukukola pa supuni yachitatu. Wopepukayo, wotsika mtengo, amasiya bisiketi kuti ilankhule. N'chifukwa chake si zachilendo kuona kontena yotchipa ya dzina la sitolo ikugonjetsa yodula pa mipikisano ija, ndipo olembawo amadabwa ngati achitiridwa matsenga.

Mmene akatswiri amalawira

John Harrison uja anagwira ntchito yolawa ku Dreyer's kwa zaka zambiri, ndipo lilime lake linali ndi inshuwalansi ya madola 1 miliyoni. Ankalawira supuni yagolide, ati yamtengo ndi yapulasitiki zimasiya kafungo kake. Za golidezo mwina munali kutsatsa malonda pang'ono, koma zina zomwe ankachita n'zanzeru. Ankadula kontena pakati kuchokera pamwamba mpaka pansi kuti aone ngati zibenthu zafalikira paliponse kapena zaunjikana malo amodzi. Ankadikira kuti ayisikilimu afewe kaye kufika cha pa madigiri 12 pansi pa ziro. Kenako ankatapa pang'ono, kuyendetsa m'kamwa monse, kutafuna milomo kuti mpweya ukwere kumphuno, n'kulavula. Amene anaonapo akatswiri olawa tiyi m'mafakitale a ku Thyolo ndi Mulanje sangadabwe: nawonso amafwenthera tiyi mwaphokoso n'kumulavula, chifukwa chomwe timati kukoma, gawo lake lalikulu ndi fungo lokwera kumphuno kudzera kukhosi.

Kudikira kuja kuli ndi chifukwa. Lilime lozizidwa limagontha. Mu 2005 akatswiri a ku Leuven m'dziko la Belgium anaonetsa kuti kanjira kena ka m'maselo olawira, kotchedwa TRPM5, kamagwira ntchito mwamphamvu chakudya chikakhala chofunda kusiyana ndi chikakhala chozizira. Ndiye chifukwa chake ayisikilimu wosungunuka amatsekemera mopyola muyezo: shuga ndi yemweyo, koma lilime latseguka. Tsono ganizirani tebulo la muofesi lija, pali makontena khumi ndi awiri. Yoyamba ilawidwa ikadali gwa, yomaliza ilawidwa itayamba kuyenderera m'mbali. Woyambayo adzamunena kuti sakumveka kukoma, womalizayo adzamunena kuti shuga wachuluka, koma mlandu ndi wa wotchi.

Ku America ntchito yoweruza za mkaka imaphunzitsidwa m'mayunivesite, ndipo pali mpikisano wa ophunzira womwe unayamba mu 1916 ndi batala yekha, ayisikilimu n'kudzalowa pambuyo pake. Amaweruza wa vanila, poti iyeyo sabisa kanthu. Chochititsa chidwi n'chakuti safunsidwa kuti "mwamukonda?" Amafunsidwa kuti "walakwika pati?" ndipo cholakwika chilichonse chili ndi dzina ndi gwero lake. Akamveka ngati muli mchenga wosasungunuka msanga, ndiye kuti shuga wa mumkaka, lactose, waundana timibulu. Akamananda ngati therere ndipo akukana kusungunuka, zomatira monga guar gum ndi carrageenan zachuluka. Akamveka fungo la katoni yonyowa, mafuta a mkaka aonongeka ndi mpweya kapena kuwala. Fungo la mkaka wowiritsa kwambiri limaloza ku kutentha komwe anaphera tizilombo. Akamangosowa m'kamwa ngati thovu la sopo, mpweya ndiwo wanyanya. Bisiketi yakuda ija, ndi kakuwawa kake, imatha kukwirira zambiri mwa zolakwikazi. Wolawa wochenjera amayamba watapa poyera pokha, popanda chibenthu, kuti amve mkaka ndi vanila paokha, kenako n'kutola chibenthu pachokha, ndipo pomaliza ndi pomwe amadya zonse pamodzi.

Cholakwika chofala kuposa zonse sichichokera kufakitale n'komwe. Ayisikilimu wabwino amakhala ndi timibulu ta madzi oundana ting'onoting'ono kwambiri moti lilime silitimva. Kontena ikafundako pang'ono, timibulu tating'ono kwambiri timasungunuka. Ikaziziranso, madziwo sabwerera mwakale. Amakamatirira pa timibulu totsala, n'kutikulitsa. Zikachitika kangapo, ayisikilimu amayamba kulira pa mano ngati timajumbo ta madzi a malambe tija ana amagula pachipata cha sukulu. Bisiketi nayo imamwa madzi ambiri nthawi iliyonse yomwe kontena yafunda. Zimenezi zimachitika pokweza m'lole, potsitsa, pomwe wogulitsa akupakira mashelefu, mufiliji ya m'sitolo yomwe anthu amatsegulatsegula, ndi m'galimoto ya wogula. Choncho makontena awiri a kampani imodzi, opangidwa tsiku limodzi, akhoza kufika patebulo la oweruza ali ngati a makampani awiri. Woweruza amalemba dzina la kampani, koma chomwe walawa ndi ulendo wa kontena imodzi.

Kwathu kuno nkhani imeneyi ndi yaikulu kuposa ku America. Ayisikilimu wochokera kunja amayenda masiku angapo pamsewu, ndipo kuzimazima kwa magetsi kumasautsa wam'deralo ndi wakunja yemwe. Ndinagulapo kontena ina yodula ndithu m'sitolo ina ya mutauni, tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana. Potsegula ndinapeza chipale cha madzi oundana pansi pa chivundikiro, ayisikilimu atafota n'kusiya mpata m'mbali, ndipo mabisiketi atasanduka matope. Wopangayo analibe mlandu. Koma ndikanakhala pagulu la oweruza tsiku limenelo, ndikanamuika kumchira mosazengereza.

Lilime lili ndi mbiri yake

Ngakhale kontena ifike bwinobwino, wolawayo ndi munthu. Akaona dzina lodula, m'kamwa mumayamba kukoma supuni isanafike. Ndiye chifukwa chake olawa osamala amabisa makontena, n'kupereka ayisikilimu m'timakapu tofanana tolembedwa manambala atatuatatu osatanthauza kanthu. Salemba 1, 2, 3 kapena A, B, C chifukwa anthu amakondera 1 ndi A mosazindikira. Amasinthanso ndondomeko yake kuti aliyense ayambire pake, popeza cholawidwa poyamba chimapeza lilime lanjala, ndipo chabwino pang'ono chikabwera pambuyo pa choipa chimamveka ngati chakumwamba. Pakati pa kapu ina ndi inzake amatsuka m'kamwa ndi madzi osazizira, ena amadyako kabisiketi kopanda mchere. Ngakhale atero, pofika pa kapu yachisanu ndi chiwiri kapena yachisanu ndi chitatu lilime limakhala litatopa ndi shuga, mafuta ndi kuzizira.

Makampani akafuna kudziwa ngati anthu angazindikire kusintha kwina, tinene kuti asintha kogula mabisiketi, amagwiritsa ntchito mayeso a makapu atatu. Awiri ndi ofanana, imodzi ndi yosiyana, ndipo wolawa aloze yosiyanayo. Wongolota amakhoza kamodzi pa katatu, choncho pamafunika anthu ambiri okhoza kuposa pamenepo kuti anene kuti kusiyana kulipodi. Akafuna kudziwa zomwe anthu amakonda, amagwiritsa ntchito muyezo wa masitepe 9, kuyambira pa kunyansidwa nacho kotheratu mpaka pa kuchikonda kotheratu. Muyezowu anaukonza ndi David Peryam ndi anzake ku Chicago cha m'ma 1950, pofufuza zakudya zomwe asilikali a America angadye osataya. Ndipo safunsa anthu asanu ndi mmodzi. Amafunsa makumimakumi, kawirikawiri mpaka zana.

Awa ndi mafunso atatu osiyana: kodi n'zosiyana, kodi zalakwika pati, kodi mwazikonda. Mipikisano ya m'manyuzipepala imawaphika mumphika umodzi. Mkonzi wina akuyesa kukhala katswiri wosaka zolakwika, mnzake akufunafuna kukoma komwe ankamva ali mwana pakhonde la agogo ake ku Texas kapena ku Ohio. Wachiwiriyu akamva bisiketi yosamveka ngati Oreo amati "si yeniyeni," ngakhale itakhala yophikidwa bwino kuposa Oreo. Munthu wokulira kwina, amene bisiketi yake ya paubwana inali ya tiyi yopanda koko, kapena Biscoff ya ku Belgium yonunkhira sinamoni, sangakhale ndi muyezo umenewo, ndipo mndandanda wake ungatuluke mwina.

Ine ndikafuna kusiyanitsa makontena awiri sindiyambira kukamwa. M'sitolo momwemo ndimawanyamula m'manja awiri, ndipo ngati kukula kwake n'kofanana, wolemerayo ndiye wa mpweya wochepa. Ndimawerenga zosakaniza, poti zimalembedwa kuyambira chochuluka: mkaka ndi kirimu zikatsogola ndi nkhani ina, madzi, shuga ndi mafuta a zomera zikatsogola ndi inanso. Ndimapewa kontena yomata kunja kapena yokutidwa ndi chipale, ndipo ndimatenga ya pansi pa filiji osati ya pamwamba. Kunyumba ndimatapa supuni imodzi kuchokera mu iliyonse, kuika pa mbale ziwiri, n'kuzisiya patebulo mphindi khumi ndi zisanu. Wina amasungunuka n'kukhala ngati kirimu wosalala, zibenthu zili chiyimire. Wina amasiya timadzi toyera m'mbali ndi kachithovu pakati. Wina, wodzaza zomatira, amangokhala momwe anagwera pa mbalepo ngati kuti kutentha kwa October sikukumukhudza. Vuto lokhalo ndi ana: mphindi khumi ndi zisanu zisanakwane, mbale imodzi imakhala itanyambitidwa kale.